Tulo ta mwana wakhanda pa tchuthi chakunja: zoyenera kudziwa musananyamuke

Matikiti mwagula, pasipoti ya mwana yatuluka, ndipo achibale ku Johannesburg kapena ku Manchester akuwerenga masiku. Chimene makolo ambiri sachiganizira ndi usiku woyamba. Nyumba ndi yachilendo, bedi ndi lachilendo, inu mwatopa, mwana akulira ndipo wotchi ikuti 2 koloko usiku.

Vutoli silithera pa kusowa mtendere pokha. Kholo lotopa ndi limene limagona tulo pasofa mwana ali pachifuwa, limamufunditsa zofunda zolemera kapena kumumwetsa mankhwala kuti agone. Zinthu zitatuzi ndi zoopsa kwambiri kuposa kuchezera usiku umodzi. Nkhani ino ikufotokoza chimene chimasokoneza tulo ta mwana paulendo, mmene mungakonzekere, komanso malamulo amene sayenera kusintha kulikonse kumene mwapita.

Mwachidule

- Mwana amazindikira nthawi yogona chifukwa cha zimene mumamuchitira motsatizana madzulo aliwonse. Zimenezi mungathe kupita nazo kulikonse.
- Kuwala ndi mdima ndizo zimathandiza thupi lake kuzolowera nthawi ya dziko lina.
- Mugonekeni chagada nthawi zonse, pamalo olimba ndi athyathyathya, popanda pilo.
- Musamupatse mankhwala ogonetsa.
- Yembekezerani kuti masiku oyamba avuta. Sizitanthauza kuti mwalakwitsa.

Kodi mwana amafunika kugona maola angati?

Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linatulutsa m'chaka cha 2019 amapereka maola awa pa tsiku, kuphatikiza tulo ta masana:

- Kuchokera pobadwa mpaka miyezi 3: maola 14 mpaka 17
- Miyezi 4 mpaka 11: maola 12 mpaka 16
- Chaka chimodzi mpaka ziwiri: maola 11 mpaka 14

Maolawa mwana sagona nthawi imodzi. Wa masabata ochepa amagona pang'ono n'kudzuka kuti ayamwe, usana ndi usiku womwe. Ngakhale wa miyezi 8 kapena 10 akhoza kudzuka kangapo usiku ali bwinobwino. Choncho cholinga chanu paulendo si chakuti mwana agone mpaka kucha. Cholinga ndi chakuti maola onse pamodzi asapelewere kwambiri, komanso kuti nthawi yake yogona isamasinthesinthe tsiku lililonse.

N'chifukwa chiyani tulo timasokonekera paulendo?

Choyamba ndi wotchi ya m'thupi. Ubongo wa munthu uli ndi dongosolo limene limauza thupi kuti ino ndi nthawi yogona kapena yodzuka. Kukayamba kuda, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timabweretsa tulo. Kuwala kukalowa m'maso, timadziti timachepa. Mukauluka pandege kupita kudziko limene nthawi yake ndi yosiyana ndi yakuno, wotchi ya m'thupi imatsalira pa nthawi ya ku Malawi kwa masiku angapo. Vutoli pa Chingerezi amalitchula kuti jet lag.

Msinkhu wa mwana uli ndi gawo lalikulu. Wotchi ya m'thupi imayamba kukhazikika mwana akafika miyezi iwiri kapena itatu. Khanda la masabata ochepa silisiyanitsa kwenikweni usana ndi usiku, motero kusintha kwa nthawi sikulivutitsa kwambiri. Amene amavutika ndi mwana wa miyezi inayi kupita m'tsogolo, amene wazolowera kale nthawi yake.

Chachiwiri ndi malo achilendo. Kuyambira cha m'ma miyezi 6 mpaka 8, ana ambiri amayamba kuopa nkhope zachilendo ndipo safuna kusiyana ndi mayi awo. Mwana wotere akadzidzimuka usiku n'kuona denga lachilendo ndi kumva fungo lachilendo, amalira kufuna munthu amene amamudziwa.

Chachitatu ndi kutopa kopitirira muyeso. Ambiri timaganiza kuti mwana akatopa kwambiri agona msanga. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Mwana amene waphonya tulo ta masana, amene wakhala akulandiranidwa m'manja mwa achibale tsiku lonse, amavuta kugona ndipo amadzukadzuka usiku.

Nthawi imasiyana bwanji ndi yakuno?

Musananyamuke, dziwani kusiyana kwa nthawi pakati pa Malawi ndi kumene mukupita:

- South Africa, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana: nthawi ndi yofanana ndi yathu.
- Tanzania, Kenya ndi Ethiopia: ali patsogolo ndi ola limodzi.
- Dubai: ali patsogolo ndi maola awiri.
- India: ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka.
- China: ali patsogolo ndi maola 6.
- Britain ndi Ireland: ali kumbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo ali kumbuyo ndi maola awiri.
- New York ndi Washington: ali kumbuyo ndi maola 6 m'nyengo yawo yotentha, ndi maola 7 m'nyengo yozizira.

Tiyerekeze kuti mwana wanu amagona 7 koloko madzulo ndipo amadzuka 6 koloko m'mawa. Ku Dar es Salaam tulo timugwira 8 koloko, ku Dubai 9 koloko usiku, ndipo ku Guangzhou 1 koloko usiku. Ku New York mu Disembala, thupi lake lifuna kugona 12 koloko masana, n'kudzuka 11 koloko usiku anthu onse akukagona.

Akatswiri a tulo amayerekeza kuti thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi kuti lizolowere ola lililonse la kusiyanako. Kupita kum'mawa, monga ku India kapena ku China, kumavuta kwambiri kusiyana ndi kupita kumadzulo, chifukwa kugona nthawi isanakwane n'kovuta kuposa kuchedwerako pang'ono.

Ngati kusiyana kwake ndi ola limodzi kapena awiri, kapena ulendo wanu ndi wa masiku awiri kapena atatu okha, mukhoza kusiya mwana pa nthawi ya ku Malawi. Ku Dubai zimenezi zimakomera banja, chifukwa mwana wogona 9 koloko amakupatsani mpata wokadya chakudya chamadzulo limodzi.

Palinso nkhani ya dzuwa. Kuno kutalika kwa usana sikusintha kwambiri chaka chonse, ndipo ikamakwana 7 koloko kumakhala kutada. Ku London mu Juni dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa ndipo limatuluka 5 koloko isanakwane. Mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane. Ngakhale ku Cape Town, kumene nthawi ndi yofanana ndi yathu, dzuwa la mu Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko. Mwana amene anazolowera kugona kukada amafunika kumupangira mdima m'chipinda.

Musananyamuke: khazikitsani chizolowezi

Chida chachikulu chimene muli nacho ndi zinthu zochepa zimene mumachita motsatizana madzulo aliwonse. Mwana sawerenga wotchi. Amaphunzira kuti akamaliza kusamba amavala, akavala amayamwa, akayamwa mayi amaimba, kenako amagona.

Ngati mulibe chizolowezi chotere, yambani sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanafike. Chikhale chachifupi, cha mphindi 20 mpaka 30, ndipo chikhale choti mungachichite m'nyumba iliyonse. Mwachitsanzo:

1. Kumusambitsa, kapena kumupukuta ndi kansalu konyowa ngati madzi palibe.
2. Kumudzoza mafuta, kumusintha thewera ndi kumuveka zovala zogonera.
3. Kuchepetsa kuwala ndi kuzimitsa TV kapena foni.
4. Kumuyamwitsa ndi kumugeyetsa.
5. Kumuimbira nyimbo yomweyomweyo kapena kumuuza mawu omwewo oti agone bwino.
6. Kumugoneka chagada pamalo pake.

Bambo nawonso aphunzire ndondomekoyi. Paulendo pamakhala masiku amene mayi amatopa kwambiri, ndipo mwana amene anazolowera kugonekedwa ndi anthu awiri savuta.

Sabata yonyamuka si nthawi yoyambitsa zatsopano. Musamusiyitse bere, musamusamutsire kuchipinda chake, ndipo musayambe kumuphunzitsa kugona yekha. Zimenezo zidikire mpaka mutabwerako.

Ngati mukupita kutali kwambiri, mutha kuyamba kusuntha nthawi yogona ndi mphindi 15 tsiku lililonse kwa masiku angapo: kufulumizako ngati mukupita kum'mawa, kuchedwetsako ngati mukupita kumadzulo.

Funsaninso za malo ogona mudakali kuno. Paja amati safunsa anadya phula. Ngati mukafikira ku hotela, afunseni ngati ali ndi kabedi ka mwana ndipo akusungireni. Ngati mukafikira kwa achibale, dziwani kuti mukagona m'chipinda chotani, ndi anthu angati, komanso ngati m'nyumbamo muli wosuta fodya.

Zoyenera kunyamula

- Chitenje kapena mbereko imene mwana anaizolowera.
- Zovala zake zogonera za masiku onse. Fungo lakwawo limamukhazika mtima pansi.
- Kansalu koyala pamatiresi ake, kokwana bwino kosachita makwinya.
- Kabedi kopinda ngati muli nako. Muyambe kumugonekamo masiku angapo musananyamuke.
- Nsalu yakuda yotchingira pazenera.
- Neti yonyikidwa m'mankhwala ngati kumene mukupita kuli malungo.
- Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, mapaketi a ORS, ndi buku lake la kusikelo.

Matewera, zovala zosinthira ndi chakudya cha mwana zikhale m'chikwama cha m'manja. Katundu wamkulu akhoza kutsalira pabwalo la ndege limene mwasinthirapo.

Muli panjira

Pandege. Maulendo ambiri ochoka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kapena ku Chileka kupita kutali amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo nthawi zina pamakhala kudikira kwa maola ambiri. Mwana wosakwana zaka ziwiri nthawi zambiri amakhala pamiyendo ya kholo. Ndege zikuluzikulu zimakhala ndi timabedi ta makanda tokoloweka pakhoma, koma ndi tochepa ndipo timakhala ndi malire a kulemera kwa mwana, choncho pemphani pogula tikiti.

Ndege ikamanyamuka, makamaka ikamatera, makutu a mwana amapweteka chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya mpweya. Kuyamwa ndi kumeza kumatsegula makutu, motero muyamwitseni nthawi imeneyo. Mpweya wa m'ndege ndi wouma, ndiye muziyamwitsa pafupipafupi. Nthawi yake yogona ikakwana, chitani chizolowezi chija mwachidule: kumupukuta, kumusintha zovala, kumuyamwitsa, kumuimbira chapansipansi.

Ngati muli awiri, muzilandirana. Amene wanyamula mwana akhale maso pamene mnzake akupuma. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena amene ali ndi vuto la mtima kapena la mapapo, aonedwe kaye ndi dokotala asanakwere ndege.

Pabasi. Ulendo wa ku Johannesburg wodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge umapitirira tsiku lathunthu, ndipo pachipata cholowera m'dziko mukhoza kutsitsidwa pakati pa usiku. Apa nthawi ya pawotchi iiwaleni. Mwana agone pamene tulo tamugwira. Mukamubereka, onetsetsani kuti nkhope yake ikuoneka, mphuno ndi pakamwa sipanatsekeke, ndipo chibwano sichinagundane ndi chifuwa. Musamuphimbe kumutu ndi bulangete ngakhale kukuzizira.

Pagalimoto. Ku Britain lamulo limafuna kuti khanda likhale pampando wake wapadera m'galimoto, ndipo ku South Africa lamulo lotere limakhudza ana osakwana zaka zitatu. Mpandowu ndi woteteza pangozi, si bedi. Mwana akagona chokhala, mutu wake ukhoza kugwera kutsogolo n'kupanikiza njira ya mpweya. Muziima pafupifupi maola awiri aliwonse n'kumutulutsamo, ndipo ngati ali wa masabata ochepa muziima pafupipafupi kuposa pamenepo. Mukafika, musamusiye akugona pampandopo. Musamutsireni pamalo athyathyathya ngakhale adzuke.

Masiku oyamba mutafika

Tsiku loyamba musadzaze ndi maulendo. Lolani banja lonse lipume.

Gwiritsani ntchito kuwala. Masana tsegulani makatani ndipo tulukani naye panja. Mwana wosakwana miyezi 6 asakhale padzuwa lenileni. Kuwala kwa pamthunzi n'kokwanira. Ngati mwapita kum'mawa, mudzutseni m'mawa pa nthawi ya kumeneko ngakhale anagona mochedwa, ndipo aone kuwala kwa m'mawa. Ngati mwapita kumadzulo, mutulutseni panja chakumadzulo kuti tulo tichedwereko, ndipo akadzuka m'bandakucha musayatse magetsi.

Sunthani nthawi pang'onopang'ono. Mphindi 30 mpaka ola limodzi pa tsiku n'zokwanira. Nthawi ya phala ndi zakudya zina isunthenso chimodzimodzi. Koma mwana woyamwa, makamaka wosakwana miyezi 6, ayamwe nthawi iliyonse imene wafuna, usana kapena usiku.

Tetezani tulo ta masana. Ngati n'kotheka, kamodzi pa tsiku agone m'nyumba pamalo ake. Tulo tinato akhoza kugona kumsana kapena m'kangolo koyendetsera ana muli kokayenda, inu mukumuyang'anira. Kangoloko musakaphimbe ndi chitenje kapena bulangete, chifukwa m'kati mumatentha msanga ndipo simungamuone. Ngati tulo ta masana tatalika kwambiri mpaka kuyandikira madzulo, mudzutseni mwachifatse kuti usiku asachezere.

Yang'anani mwana, osangoyang'ana wotchi. Kuyasamula, kutikita m'maso, kukoka khutu, kuyang'ana kumbali ndi kunyinyirika ndi zizindikiro zakuti yambani kumugoneka. Mukadikira mpaka alire kwambiri, ntchito imakula.

Akadzuka usiku, musamusiye akulira yekha kumalo achilendo. Munyamuleni, muyamwitseni, mulankhuleni motsitsa mawu, magetsi ali chizimire. Ngati wadzukiratu ndipo akufuna kusewera, khalani naye mumdima pang'ono kwa kanthawi kenako yambiraninso chizolowezi chija. Musamupatse foni kuti atonthole. Kuwala kwake kumathamangitsa tulo, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti mwana wosakwana chaka asamaonere foni kapena TV.

Malamulo amene sasintha

Pali imfa imene imagwera makanda mwadzidzidzi ali m'tulo popanda chifukwa chooneka, imene madokotala amaitchula kuti SIDS. Imachitika kwambiri kwa ana osakwana miyezi 6. Palinso ngozi ya kubanika ndi zofunda kapena kupanikizika. Paulendo, pamene malo ogona ndi ongobwereka, m'pamene makolo amalekerera zinthu zimene kunyumba sangachite.

- Chagada nthawi zonse, usiku ndi masana omwe, mpaka atakwanitsa chaka. Osati chafufumimba kapena cham'mbali. Akayamba kugubuduka yekha mbali zonse ziwiri, mukhoza kumusiya mmene wadzitembenuzira, koma pomugoneka muziyambira chagada.
- Pogona pakhale polimba, pathyathyathya ndi popanda kanthu: popanda pilo, zidole kapena duveti.
- Chofunda chikhale chopepuka, chilekeze pachifuwa ndipo chipisiridwe m'mbali. Mapazi ake akhale kumunsi kwa kabedi kuti asalowe m'zofunda.
- Ngati mumamukulunga m'nsalu, siyani akangoyamba kuyesa kugubuduka.
- Agone m'chipinda chimodzi ndi inu. Bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics limalangiza kutero kwa miyezi 6 yoyambirira, mwana ali pamalo akeake.
- Kabedi ka ku hotela kayang'aneni bwino. Kakhale kosagwedera, kopanda pothyoka, ndipo matiresi akwane popanda mpata m'mbali. Musawonjezeremo pilo kapena bulangete lopinda kuti mufewe. Kakhale kutali ndi hita komanso zingwe za makatani.

Nanga ngati mumagona naye bedi limodzi?

Mabanja ambiri kuno amagona ndi mwana, ndipo zimathandiza kuyamwitsa usiku. Koma bedi la ku hotela kapena la kwa achibale kunja nthawi zambiri limakhala lofewa, lalitali, la mapilo ambiri ndi duveti yolemera. Ngati mugona naye, chotsani mapilo ndi duveti pafupi ndi iye, onetsetsani kuti sangagwe kapena kulowa pampata wa bedi ndi khoma, ndipo ana ena asagone moyandikana naye. Musamusiye yekha pabedi la akuluakulu.

Musagone naye bedi limodzi ngati wina wa inu wamwa mowa, amasuta fodya, kapena wamwa mankhwala obweretsa tulo. Chimodzimodzinso ngati mwana anabadwa masiku asanakwane kapena anabadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka. Usiku umene mwangofika kumene, muli otheratu ndi ulendo, ndi bwinonso kuti agone pamalo akeake pafupi nanu.

Sofa ndi mpando wa ndalema ndi malo oopsa kwambiri ogonapo ndi khanda. Ngati achibale akupatsani pabalaza, yalani matiresi olimba pansi. Ngati mukuyamwitsa usiku ndipo mukuona kuti tulo tikukugwirani, chokani pasofapo.

Kuzizira ndi kutentha

Mabungwe azaumoyo ku Britain amalangiza kuti chipinda chogona khanda chikhale pakati pa madigiri 16 ndi 20. Makolo ochokera kuno akafika kudziko lozizira amakonda kuveka mwana majuzi angapo, chipewa ndi mabulangete, kuiwala kuti nyumba za kumeneko zimatenthetsedwa m'kati. Kutenthedwa kumawonjezera chiopsezo cha SIDS. Mukalowa m'nyumba muvuleni chipewa ndi jekete, ndipo asagone atavala chipewa. Kuti mudziwe ngati watenthedwa, mugwireni pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Manja ndi mapazi amazizira ngakhale mwana ali bwino. Akachita thukuta, chotsaniko chovala chimodzi.

Ku Johannesburg mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, ndipo nyumba zambiri sizitenthetsedwa. Musagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu ndipo umapha anthu ali m'tulo. Hita ya parafini kapena ya gasi izimitsidwe musanagone. Bulangete lamagetsi ndi botolo la madzi otentha si za khanda.

Kumalo otentha ngati Zanzibar, Mombasa kapena Dubai, kamalaya kopepuka ndi thewera n'zokwanira. Fani kapena makina oziziritsira m'chipinda asawombe mwana mwachindunji.

Za udzudzu, ku Johannesburg, Cape Town ndi ku Ulaya kulibe malungo, koma m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, Tanzania ndi Kenya aliko. Mwana agone m'neti usiku uliwonse, yopisiridwa bwino kuti isamugwere kunkhope. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET sayenera kupakidwa mwana wosakwana miyezi iwiri.

Kodi mankhwala ogonetsa ndi abwino?

Ayi. Anthu ena amalangizana kumwetsa mwana Piriton kapena Phenergan kuti agone pandege kapena pabasi. Mankhwalawa sanapangidwire zimenezo. Phenergan, amene dzina lake lenileni ndi promethazine, ndi woletsedwa kwa ana osakwana zaka ziwiri chifukwa akhoza kufooketsa kapumidwe mpaka kupha. Mankhwala a mtunduwu kwa ana ena amachita zosiyana ndi zimene mumafuna: mwana amabalalika n'kulira kwambiri.

Melatonin amagulitsidwa poyera m'mayiko ena monga America, koma musampatse mwana popanda dokotala. Panado wa ana ndi wa ululu ndi kutentha thupi, si wa tulo. Mowa, ngakhale kadontho, ndi mankhwala azitsamba musayese n'komwe. Uchi nawonso ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka.

Achibale, maukwati ndi macheza a usiku

Agogo ndi azakhali amene sanamuonepo mwanayo adzafuna kumunyamula mpaka usiku, ndipo m'pomveka. Auzeni nthawi yake yogona tsiku loyamba lomwelo, mwaulemu, ndipo apatseni nthawi yocheza naye m'mawa pamene ali wosangalala. Mutha kuwapatsanso gawo, monga kumusambitsa kapena kumuimbira.

Ngati pali ukwati kapena phwando, kuchedwa usiku umodzi sikuwononga zonse. Nyamulani zovala zogonera, chitani chizolowezi chija pamalo opanda phokoso, ndipo mawa lake muchepetse zochita. Aliyense amene mungamusiyire mwana mumuuze momveka bwino kuti agone chagada, popanda pilo, ndipo asamuphimbe kumutu. Ena analera ana awo mwanjira ina, choncho musaganize kuti akudziwa kale. Ngati pali zakumwa, gwirizanani kuti ndani sakumwa usiku umenewo.

Ndi liti pamene muyenera kuthamangira kuchipatala?

Si kulira konse kapena kugona konse kumene kumabwera chifukwa cha ulendo. Pitani kuchipatala msanga ngati mwana:

- ali wosakwana miyezi itatu ndipo thupi latentha kufika madigiri 38 kapena kuposa;
- akuvuta kudzutsa, walefuka, kapena akukana kuyamwa;
- akupuma mofulumira, mobanika, kapena chifuwa chikulowa m'kati;
- akusanza chilichonse, kapena akutsegula m'mimba ndipo matewera sakunyowa ngati kale, maso alowa kapena liwombo lalowa;
- wakomoka kapena akugwedezeka thupi;
- akulira mosalekeza modabwitsa, kapena milomo yasintha mtundu.

Ngati thupi latentha muli kunja, uzani dokotala kuti mwachokera ku Malawi ndipo pemphani kuti amuyeze malungo. Kumayiko kumene kulibe malungo, madokotala sangawaganizire msanga mukapanda kunena. Sungani manambala a ngozi mufoni: ku Britain ndi 999, ndipo 111 ndi ya uphungu wachipatala. Ku South Africa ndi 112 pafoni ya m'manja, ndipo ku America ndi 911. Chithandizo chachipatala kunja chimadula kwa alendo, choncho onani ngati inshulansi yanu ya ulendo ikuphatikiza mwanayo.

Mukabwerera kumudzi

Kusintha kwa nthawi kumachitikanso pobwerera, ndipo njira yake ndi yomweyo: kuwala masana, mdima usiku, ndi chizolowezi chomwe chija kuyambira usiku woyamba. Ngati paulendo mwana anazolowera kugonera kubere kapena kumsana nthawi zonse, bwererani ku zakale pang'onopang'ono. Ana ambiri amakhazikika pakatha masiku angapo mpaka sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati papita nthawi yoposa imeneyi tulo tisanabwerere m'malo, kapena mwana sakuyamwa ndi kudya bwino, pitani naye kusikelo kapena kuchipatala chapafupi kuti akamuone.